Mmene mungafufuzire ngati makina amene mukupanga akuphwanya patenti ya wina

Nyengo yokolola ikafika, amisiri owotcherera zitsulo pa boma pa Mchinji, pa Kamwendo ndi ku Kapiri sapuma. Alimi amafuna makina osendera mtedza ndi otong'olera chimanga, ndipo ambiri mwa makinawa amapangidwa poonera ena: wina wagula ochokera ku China kapena ku India, mmisiri wawamasula, wayeza, wapanga ake. Funso la patenti, chikalata chopatsa wotulukira luso mphamvu yoletsa ena kupanga kapena kugulitsa lusolo kwa zaka zoikika, limatulukira tsiku limene kopaletivi kapena bungwe lapereka oda ya makina 40, n'kukupatsani pepala loti musaine kuti katundu wanu sakuphwanya patenti ya munthu, kapena tsiku limene mwayamba kuwolotsa makina pa Mwami kukagulitsa ku Chipata.

Pamenepa ena amachita mantha ndi mawu oti "Patented" amene aona pa kachitsulo, n'kusiya ntchito yomwe akanaigwira popanda mlandu. Ena amati "ndasintha penti ndi miyendo, ndiye ndi anga", n'kulowa m'mavuto. Onsewa sanafufuze. Mwaphwanya patenti pokhapokha mafunso atatu awa onse ayankhidwa kuti inde: kodi patentiyo inalembetsedwa m'dziko limene mukupangira kapena kugulitsira? Kodi ikadali ndi moyo? Kodi makina anu ali ndi zonse zolembedwa mu claim imodzi ya patentiyo, kutanthauza ndime yotchula zimene patentiyo ikuteteza? Limodzi likangoyankhidwa kuti ayi, patenti imeneyo siikukukhudzani.

Tigwiritsa ntchito makina osendera mtedza ngati chitsanzo, koma njira yake ndi yomweyi kaya ndi mbaula, pampu yothirira dimba kapena choumitsira fodya.

Zofunika kukhala nazo

Makina anu enieniwo, osati chithunzi chake chabe, pamodzi ndi masipanala owamasulira.
Tepi yoyezera ndi vernier caliper, chifukwa mipata ina muyenera kuiyeza mpaka pa milimita.
Foni kapena kompyuta ndi bandulo yokwanira kutsitsa mapepala a PDF. Kompyuta ndiyo yabwino, zojambula za patenti zimavuta kuwerenga pa foni.
Kope latsopano la ntchito iyi yokha, rula ndi bolopeni ziwiri za mitundu yosiyana.
Makina amene munaonera, kabuku kake, katoni yake ndi risiti, ngati zilipo.
Munthu wowerenga bwino Chingerezi cha zaumisiri, ngati inu chimakuvutani. Mapatenti a ARIPO, bungwe lolembetsa mapatenti m'mayiko ena a mu Africa, ndi a kuno amalembedwa m'Chingerezi.

Patulani masiku awiri kapena atatu a kufufuza kwa pa intaneti. Yankho la ku ofesi limatenga nthawi yake, choncho musayambe ntchitoyi kutatsala sabata kuti mupereke katundu.

1. Lembani makina anu chiwalo ndi chiwalo

Musanatsegule intaneti, masulani makina anu n'kulemba zimene zilimo. Tsamba limodzi la kope likhale la chiwalo chimodzi: dzina lake, chopangira chake, muyeso wake, chalumikizana ndi chiyani, ndipo chimagwira ntchito yanji. Pa makina osendera mtedza mulemba chothiramo mtedza, shafiti, timipiringidzo tomenya mtedza, sefa ya pansi, mpata wa pakati pa sefa ndi timipiringidzo, njira yosinthira mpatawo, fani youlutsa makoko, malamba, mapule ndi mota kapena chopukusira cha manja. Jambulani chiwalo chilichonse ndi foni, tepi yoyezera ikuoneka pa chithunzipo, ndipo mulembe deti.

Chenjezo: lembani zimenezi musanawerenge patenti iliyonse. Munthu akayamba wawerenga patenti, amafotokoza makina ake mowakometsera kuti aoneke osiyana, ndipo amadzinamiza yekha.

Lembaninso mmene mumapangira, ngati pali njira yapadera. Mapatenti ena sateteza chinthu, amateteza njira yochipangira kapena yochigwiritsira ntchito.

2. Lembani mayiko amene katundu wanu akhudze

Patenti ili ngati mapepala a malo: amagwira ntchito pa malo amene analembedwa okhawo. Patenti ya ku United States kapena ku China ilibe mphamvu ku Mchinji. Palibenso patenti ya dziko lonse lapansi.

Lembani dziko limene mukupangira, limene mukugulitsira ndi limene makinawo akagwiritsidwe ntchito. Kwa ife a m'malire, mndandandawo kawirikawiri umakhala Malawi, Zambia ndi Mozambique. Ngati ndinu wamalonda woitanitsa katundu, dziwani kuti kulowetsa m'dziko ndi kugulitsa katundu wophwanya patenti ya kuno kumakuikani pa mlandu ngakhale simunawotcherere chilichonse.

3. Yang'anani pa makina amene munaonera

Pukutani kachitsulo ka dzina, muwerenge zonse. Yang'ananinso pansi pa makina, pa katoni ndi kumapeto kwa kabuku. Mukufuna dzina la kampani ndi nambala iliyonse yotsatana ndi mawu oti "Patent No." kapena "Pat." Zilembo ziwiri zoyambirira za nambala zimakuuzani kumene inalembetsedwa: MW ndi Malawi, AP ndi ARIPO, ZM ndi Zambia, MZ ndi Mozambique, ZA ndi South Africa, CN ndi China, IN ndi India, US ndi United States, EP ndi ofesi ya mapatenti ya ku Ulaya. Pa katundu wa ku China nambala ya patenti yoperekedwa imakonda kuyamba ndi ZL.

Mawu oti "Patent pending" amangotanthauza kuti pempho linaperekedwa kwinakwake. Sakunena kuti linavomerezedwa, sakunenanso dziko. Ndipo kusowa kwa nambala pa makina si umboni woti patenti palibe.

4. Fufuzani pa intaneti

Malo aulere ndi awa: Espacenet, ya ofesi ya mapatenti ya ku Ulaya, Patentscope, ya WIPO, bungwe loona za mapatenti pa dziko lonse, Google Patents, ndi tsamba lofufuzirapo la ARIPO. Yambani ndi nambala ngati muli nayo, kenako dzina la kampani, pomaliza mawu ofotokoza makina.

Mawu amodzi sakwanira. Mtedza wokha umalembedwa "groundnut" kapena "peanut", ndipo makina osendera amatchedwa "sheller", "decorticator", "huller" kapena "husking machine". Yesani mawu onsewa mosinthanitsa. Zopempha zochokera ku China zimamasuliridwa ndi kompyuta, ndiye mawu ake amatha kukhala achilendo. N'chifukwa chake njira yodalirika ndi kufufuza ndi manambala a magulu, otchedwa IPC, amene ofesi zonse zimagwiritsa ntchito posatengera chilankhulo. Makina oswa kapena kusenda mtedza ali mu A23N 5/00, otong'ola chimanga ali mu A01F 11/06, mbaula za nkhuni ndi makala zili mu F24B. Mukapeza patenti imodzi yofanana ndi makina anu, koperani manambala ake a IPC, mufufuze nawo, muonenso mapatenti amene yawatchula ndi amene aitchula.

Mudzapeza mazanamazana. Musatope ndi kuwerenga onse. Onani mutu ndi chojambula, musunge okhawo amene akukhudza chiwalo chimene chili m'kope lanu. Lembani mawu aliwonse amene mwafufuza nawo, malo ndi deti, ngakhale sanatulutse kanthu.

5. Werengani tsamba loyamba, ndipo samalani ndi WO

Pa tsamba loyamba la patenti iliyonse pali timanambala tating'ono m'mabulaketi, tofanana m'mayiko onse. Ka 11 ndi nambala ya chikalatacho, ka 22 ndi tsiku limene pempho linaperekedwa, ka 30 ndi tsiku la pempho loyambirira la m'dziko lina, ka 51 ndi gulu la IPC, ka 71 ndi wopempha, ka 73 ndi mwini patenti. Ngakhale chikalata chili m'Chitchaina, madeti ndi manambala muwapeza motsatira timanambalati.

Onani chilembo cha kumapeto kwa nambala. Pa zikalata za US, EP ndi CN, chilembo A kawirikawiri ndi pempho chabe, B ndi patenti yoperekedwa. Kusiyana kwake n'kwakukulu: wopempha amayamba wapempha munda waukulu, woyesa pempho n'kumudulira. Ma claim a mu B ndiwo ali ndi mphamvu, ndipo nthawi zambiri amakhala opapatiza kuposa a mu A.

Msampha waukulu uli pa zikalata zoyamba ndi WO. Izi ndi zopempha zodzera mu PCT, pangano la mayiko ambiri loyambira ndi pempho limodzi, limene Malawi ali membala wake. Pa tsamba loyamba mudzaona mndandanda wautali wa mayiko pansi pa ka 81 ndi ka 84, ndipo MW mudzaipeza momwemo, mwinanso kawiri: payokha, ndi m'gulu la ARIPO. Anthu akaona MW amaganiza kuti basi, zagwa. Sichoncho. Mndandandawo umalembedwa pa pempho lililonse la PCT, ndipo umangotanthauza kuti wopemphayo anali ndi mwayi wobwera kuno. Kuti atetezedwe, amayenera kupereka pempho lake ku ofesi ya kuno kapena ku ARIPO ndi kulipira, pasanathe miyezi pafupifupi 30 kapena 31 kuchokera tsiku la pa ka 30. Ambiri amasankha mayiko owerengeka a misika yaikulu, ena onse n'kuwasiya. Choncho chikalata cha WO pachokha si patenti. Ngati miyezi 31 siinakwane, lembani tsiku limene ikwanire, mudzayang'anenso.

6. Fufuzani ngati banja la patentiyo linafika kuno

Luso limodzi lolembetsedwa m'mayiko angapo limatchedwa banja la patenti. Pa Espacenet tsegulani "Patent family", pa Google Patents yang'anani "Worldwide applications". Mukufuna nambala yoyamba ndi MW kapena AP.

Patenti imalowa m'Malawi pa makomo awiri. Loyamba ndi ofesi ya boma yolembetsa makampani ndi mapatenti, imene ambiri timangoti kwa Registrar General. Lachiwiri ndi ARIPO, bungwe la mayiko a mu Africa limene likulu lake lili ku Harare, lokhazikitsidwa ndi pangano la ku Lusaka la 1976. Kudzera m'pangano la Harare Protocol la 1982, munthu amapereka pempho limodzi n'kusankha mayiko amene akufuna. Malawi, Zambia ndi Mozambique onse ali m'panganoli, South Africa mulibe. Khomo lachiwirili ndilo anthu amaliiwala, chonsecho makampani akunja amakonda kulowera pomwepo.

Mukapeza nambala ya AP, musathamangire kunena kuti yakhudza Malawi. Werengani mayiko amene anasankhidwa. N'zotheka kuti ZM ilipo koma MW palibe, ndiye kuti makina amene mukugulitsa mwaufulu pa Kamwendo akhoza kukuvutitsani mukangowoloka Mwami. Komanso dziko losankhidwa lili ndi nthawi yoikika yodziwitsa ARIPO kuti patentiyo isagwire ntchito m'dziko lake, ndiye funsaninso ngati Malawi anaivomereza.

Chenjezo: zolembetsedwa ku ofesi ya kuno sizioneka zonse pa Espacenet kapena Google Patents. Kusapeza MW pa intaneti si yankho lomaliza. Lemberani ofesiyo kalata yopempha kuti akufufuzireni m'kaundula, mutchule dzina la kampani, mutu wa luso, nambala za kunja zimene mwapeza ndi gulu la IPC. Yambani mwaimba foni kufunsa malipiro ndi kumene mungaperekere kalatayo musanakwere minibasi. Pemphani yankho lolembedwa. Za ku Zambia, ofesi yake ndi PACRA.

7. Onani ngati ikadali ndi moyo

Patenti imafa m'njira zitatu: nthawi yake kutha, mwini wake kusiya kulipira ndalama za chaka ndi chaka, kapena kuthetsedwa ndi khoti.

M'mayiko ambiri patenti imakhala zaka 20 kuchokera tsiku la pa ka 22, ndipo Harare Protocol imanenanso zaka 20. Lamulo la kuno la Patents Act, Cap. 49:02, linaika zaka 16. Musawerengere kuchokera tsiku limene patenti inaperekedwa. Werengerani kuchokera tsiku la pempho, ndipo tsiku lenileni lothera patenti ya MW kapena AP mulitsimikize ndi ofesi. Timapatenti tating'ono totchedwa utility model, timene pa nambala za ku China timathera ndi chilembo U, timakhala zaka 10, ku China ngakhalenso ku ARIPO. Ngati pempho linaperekedwa mu 1998, luso limenelo ndi la aliyense tsopano, ndipo zojambula zake mukhoza kuzitsatira mmene zilili.

Mapatenti ambiri amafa nthawi isanakwane chifukwa eni ake asiya kulipira. Koma samalani ndi yongofa kumene. Mwini wake amakhala ndi miyezi 6 yoti alipire mochedwa ndi chindapusa, ndipo nthawi zina amatha kupempha kuti idzutsidwe ngakhale miyeziyo itapita. Mawu oti "Expired" kapena "Active" a pa Google Patents angokhala chilozero. Pa mapatenti a mu Africa amatha kutsalira m'mbuyo. Patenti ya AP ikhozanso kukhala yamoyo ku Zambia koma yakufa ku Malawi, popeza malipiro amatsata dziko lililonse.

Ngati pofika pano mwapeza kuti palibe patenti yamoyo m'mayiko a pa mndandanda wanu, dumphirani ku gawo 11. Pa makina ambiri akale a zaulimi, apa ndi pamene nkhani imathera.

8. Pitani ku ma claim

Patenti ili ndi mutu, chidule, zojambula, mafotokozedwe aatali ndi ma claim kumapeto. Zina zonsezo n'zokuthandizani kumvetsa. Ma claim ndiwo mabikoni a munda: chimene chili kunja kwake si cha mwini patenti, ngakhale chikuoneka pa chojambula.

Ma claim amakhala ndi manambala. Ena amaima paokha, monga claim 1. Ena amatsamira pa anzawo, ndipo mudzawazindikira ndi mawu onga "according to claim 1". Ikani chizindikiro ndi bolopeni yofiira pa oima paokha onse. Musaganize kuti ndi claim 1 yokha, pakati pa mndandanda pakhoza kubisala ina, makamaka yoteteza njira yogwirira ntchito. Yambani ndi oima paokhawa. Ngati simunalowe mu claim 1, simungalowe mu claim yotsamira pa iyo, chifukwa yotsamirayo ili ndi zonse za claim 1 kuwonjezerapo zina.

Mawu awiri a Chingerezi muwasamale. "Comprising" amatanthauza kuti makina ali ndi zotchulidwazo, ndipo akhoza kukhala ndi zinanso. "Consisting of" amatanthauza zokhazo basi. Ma claim ambiri a makina amagwiritsa ntchito oyambawo.

9. Dulani claim m'zidutswa, muyerekeze ndi makina anu

Pano ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsegulani masamba awiri oyang'anana a kope. Lembani mizere itatu yotsika: woyamba mawu a claim, wachiwiri chimene chili pa makina anu, wachitatu yankho: chilipo, palibe kapena chokayikitsa. Chidutswa chilichonse cha claim chikhale ndi mzere wakewake wopingasa, ndipo mawu ake mukopere ndendende, osafupikitsa.

Tiyerekeze kuti claim 1 ikunena za makina osendera mtedza okhala ndi izi:

a. chothiramo mtedza;
b. shafiti yozungulira yokhala ndi timipiringidzo tokutidwa ndi labala;
c. sefa yopindika pansi pa shafiti, mpata wa pakati pa sefa ndi timipiringidzo uli wa mamilimita 18 mpaka 25;
d. chogwirira chimodzi chosinthira mpatawo makina akuyenda;
e. fani youlutsa makoko, yoyendetsedwa ndi shafiti yomweyo.

Tsopano makina anu. Chothiramo chilipo. Pa b, inu munamangirira timizere ta tayala lakale pa timipiringidzo kuti mtedza usasweke. Tayala ndi labala. Lembani kuti chilipo, musazembe ponena kuti lanu ndi tayala. Pa c, yezani mpata ndi vernier caliper pa malo atatu, kumapeto konse ndi pakati, ndiponso pa malo onse amene mpatawo ungasinthidwire. Ngati mumagulitsa makina ali pa mamilimita 28 koma mlimi akhoza kuwatsitsa mpaka 22 akamasenda mtedza wa njere zing'onozing'ono, musalembe kuti palibe; ikani m'gulu la zokayikitsa, ndipo muyembekezere kuti mwini patenti adzati chilipo. Pa e, lamba wa fani yanu akuchokera pa pule ya shafiti yomweyo, ndiye chilipo.

Zatsala d. Makina anu alibe chogwirira. Kuti musinthe mpata mumazimitsa mota, kumasula mabawuti anayi, kukweza kapena kutsitsa sefa, n'kumanganso. Claim ikufuna chogwirira chimodzi, chosinthira makina akuyenda. Chimenecho mulibe. Zinayi mwa zisanu zafanana, koma claim imeneyi simunaiphwanye, chifukwa pafunika zonse zisanu.

Tembenuzani chitsanzocho. Makina anu ali ndi zonse zisanu, koma mwawonjezera matayala okankhira, sefa yachiwiri yosankha njere ndi mota ya sola. Mwaphwanyabe. Kuwonjezera sikutulutsa munthu mu claim ya "comprising". Kumene kumatulutsa n'kusowa kwa chidutswa.

Mawu a mu claim akakusokonezani, bwererani ku mafotokozedwe muone mmene wolembayo anawagwiritsira ntchito. Ngati analemba kuti labala akutanthauza chilichonse chofewa chobwerera m'malo mwake, ndiye kuti pulasitiki yofewa yalowanso. Pafupi ndi mawu a mu claim pamakhala timanambala tolozera ku chojambula. Timathandiza kupeza chiwalo, koma claim siithera pa maonekedwe a chojambulacho.

10. Unikaninso paliponse pamene mwalemba kuti palibe

Makhoti salola munthu kuthawa patenti posintha kanthu kosasintha kagwiridwe ka ntchito. Pa mzere uliwonse wa "palibe", dzifunseni: kodi ndili ndi china chimene chikugwira ntchito yomweyo, m'njira yomweyo, n'kutulutsa zomwezo? Ngati m'malo mwa chogwirira mwaika kagudumu kopotokola, kosinthabe mpata makina akuyenda, mwangosintha dzina; pamenepo mpoopsa. Mabawuti anayi ofuna kuzimitsa mota ndi nkhani ina, chifukwa phindu lenileni la lusolo, kusintha mpata osaimitsa ntchito, mulibe.

Mzere uliwonse wokayikitsa ndi wopita nawo kwa loya wodziwa za mapatenti. Mukapita ndi kope lodzaza bwino, nambala za mapatenti ndi yankho la ku ofesi, ntchito yake imafupika, ndipo ndalama zimene mungalipire zimatsata kutalika kwa ntchitoyo.

11. Sankhani chochita, musunge umboni

Ngati palibe patenti yamoyo, kapena claim iliyonse yoima payokha ili ndi "palibe" mmodzi womveka bwino, pitirizani ntchito. Ngati zonse zafanana, njira zilipo zinayi. Mukhoza kusintha makina pochotseratu chidutswa chimodzi, monga kubwerera ku mabawuti, kenako n'kudzaza kope mwatsopano. Mukhoza kupempha chilolezo kwa mwini patenti, cholembedwa, chotchula dziko, nthawi ndi malipiro a pa makina aliwonse. Mukhoza kudikira ngati patenti yatsala pang'ono kutha. Kapena mukhoza kutsutsa patentiyo, ngati muli ndi umboni woti luso limenelo linkadziwika kale tsiku la pa ka 30 lisanafike: kabuku ka makina kokhala ndi chaka, patenti yakale, lipoti losindikizidwa. Njira yomalizayi ndi ya kukhoti ndipo ndi yodula. Musaiyambe nokha, komanso musapitirize kugulitsa mukungodalira kuti mudzapambana.

Sungani kope, zithunzi, ma PDF ndi makalata mu faelo imodzi. Zopempha zatsopano zimakhala zobisika kwa miyezi 18 zisanasindikizidwe, choncho kufufuza kwa lero sikuona zonse. Bwerezani pakatha miyezi 6, musanalandire oda yaikulu, ndiponso nthawi iliyonse imene mwasintha chiwalo kapena mwayamba kugulitsa m'dziko lina.

Mukalandira kalata yoti mwaphwanya patenti

Musaiponye m'dirowa, komanso musaimbe foni yopepesa. Lembani tsiku limene mwailandira ndi tsiku limene akufuna yankho. Pemphani molemba nambala ya patenti ya MW kapena AP, ma claim amene akuti mwaphwanya, ndi umboni woti malipiro a chaka chino a Malawi analipiridwa. Kalata yongotchula nambala ya US kapena CN siikunena chilichonse za malonda a ku Mchinji. Musawononge makina kapena mabuku a malonda. Chitani magawo 5 mpaka 10 pa patenti imeneyo, kenako muonane ndi loya tsiku loyankha lisanafike. Mlandu ukafika kukhoti n'kukugwerani, akhoza kukuletsani kupanga ndi kugulitsa, n'kukulamulani kulipira chipukutamisozi.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kuyerekeza makina anu ndi makina a kampani ina. Chofunika n'kuyerekeza ndi ma claim. Makina awiri akhoza kufanana ngati mapasa popanda kuphwanya patenti, ndipo osafanana m'pang'ono pomwe kunja akhoza kukhala ndi zidutswa zonse mkati.

Kukhulupirira kuti mukasintha gawo lakutilakuti, kaya 10 kapena 30 pa 100, mwapulumuka. Lamulo lotero kulibe.

Kunena kuti "ndinapanga ndekha, sindinaonere". Pa patenti zimenezo sizipulumutsa. Ngati wina analembetsa luso lomwelo kuno ndipo patenti yake ili ndi moyo, makina anu alowabe m'munda mwake.

Kuganiza kuti popeza muli ndi patenti yanu ndiye kuti ndinu omasuka. Patenti imakupatsani mphamvu yoletsa ena, osati chilolezo chopanga. Mukhoza kukhala ndi patenti ya sefa yatsopano, pamene shafiti ndi chogwirira zimene sefayo yakhalapo zili mu patenti ya wina.

Kudalira mawu a wogulitsa wa kunja oti katundu alibe vuto. Iye akhoza kunena zoona za dziko lake. Ngati mukuitanitsa wambiri, pemphani kuti alembe mu mgwirizano kuti adzasenza mlandu wa patenti ukabuka m'dziko limene mukugulitsa.

Kupita ku COSOMA. Kumeneko ndi kwa nyimbo, mabuku ndi zaluso zina zotere, osati makina.

Kuiwala kuti patenti si chitetezo chokhacho. Maonekedwe akunja a katundu akhoza kulembetsedwa paokha ngati dizaini, kuno kapena ku ARIPO, ndipo dzina ndi chizindikiro cha kampani zimatetezedwa ndi lamulo la Trademarks Act la 2018. Patenti ikatha mukhoza kupanga makinawo, koma musakopere kachitsulo ka dzina, chizindikiro kapena zomata za kampaniyo. Ikanipo dzina la shopu yanu ndi nambala ya makina aliwonse, ndipo nambalayo muilembe m'faelo pamodzi ndi deti ndi miyeso imene makinawo anatulukira nayo.